Chitini cha Makapisozi cha Azakhali

Mutu Wachisanu ndi Chiwiri

1. Mwendo wa Chiwala

Pasukulu yonse panalibe mtsikana wodumpha ngati Chiwala. Dzinali anamupatsa ndi anzake a mpira wamanja chifukwa cha miyendo yake yaitali ndi yowonda, ndipo linamukakamira mpaka aphunzitsi omwe anaiwala dzina lake lenileni. Akaima pagolo n'kutambasula manja, a timu inayo ankangoyang'anana.

Koma chiwala nachonso chimatera poipa. Pa masewero otsekera teremu anadumpha bwinobwino, mpira n'kuuwakha, koma potera anaponda phazi la mnzake. Amene anali pafupi amati anamva kuti thyo! Mafupa a pakakolo anali atathyoka.

Kuchipatala anamuika chikhakha n'kumubweza kunyumba. Atapitanso kukajambulitsa ekisire, adokotala a mafupa anayang'ana chithunzicho pawindo n'kupukusa mutu.

"Mafupawa sanakhale m'malo mwake," anatero. "Tikawasiya chonchi alumikizana mokhota, ndipo mtsikanayu azidzatsimphina moyo wake wonse. Tiyenera kutsegula, tiwawongole, tiwamange ndi kachitsulo. Mubwere naye sabata yamawa, alowe ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni."

"Ndidzaseweranso?" anafunsa Chiwala. Zina zonsezo analibe nazo ntchito.

"Bala likapola bwino, udzadumpha kuposa kale."

Chiwala anamwetulira. Koma azakhali ake, amene anabwera naye, sanamwetulire. Atangomva mawu oti fiyeta, nkhope yawo inagwa.

2. Chitini

Chiwala ankakhala ndi azakhali akewo kuyambira ali wamng'ono. Bambo ake anamwalira kale, ndipo mayi ake ankagwira ntchito kutali. Azakhali anali telala. Chipinda chochezera ndicho chinali shopu yawo: makina osokera pafupi ndi windo, zigamba m'thumba lalikulu pakona, madiresi a eni ake atapachikidwa pachingwe. Tepi yoyezera yachikasu sinkachoka m'khosi mwawo, ngakhale akamadya.

Pamwamba pa kabati panali chitini chakale cha mabisiketi. Mlendo akanaganiza kuti muli mabatani, koma munali makapisozi. Pabanja lonselo, aliyense wopatsidwa mankhwala kuchipatala akangomva bwino ankasiya kumwa, otsalawo n'kubwera nawo kwa azakhali. Munali ofiira ndi achikasu, oyera, ena opanda ngakhale kapepala. Ndipo linali lamulo la banja kuti wopita kukagona kuchipatala ayambe wadutsira pachitini. Ankati kumeneko ndiko kukhwimitsa magazi.

Madzulo a tsikulo azakhali anakwera pampando, kutsitsa chitini chija, n'kukhala moyang'anana ndi Chiwala.

"Tchera khutu, mwana wa mlongo wanga," anayamba motero. "Iwe unali kamwana, sukumbukira. Bambo ako analowa ku fiyeta akuseka. Inali opaleshoni ya m'mimba, ankati yaing'ono. Anatuluka ali bwino, mpaka kundipempha tiyi. Koma patapita masiku bala linayamba kutentha, kenaka mafinya, kenaka fungo. Gadiyani ndinali ine. Nsalu zake ndinkachapa ndi manja angawa. Ndinamuona mlongo wanga akutha tsiku ndi tsiku, munthu wa thupi lake uja. Tsiku limene tinamuika m'manda ndinalumbira kuti palibenso wa magazi anga amene adzakumane ndi mpeni thupi lili chabechabe. Nkhanga zinapangana kusanache, mwanawe. Uyambe lero kumwa, m'mawa ndi madzulo, kuti tsikulo likamafika magazi akhale atakhwima."

Anasankha ofiira ndi achikasu, n'kumuika m'dzanja.

"China n'chakuti kuchipatalako usakatsegule pakamwa. Anthu aja akamva kuti wamwa za kunyumba amakalipa, n'kukubweza. Akakubweza, mafupa alumikizana mokhota iwe uli pamzere kudikira. Wandimva?"

"Ndamva, azakhali."

Ndani akanakana? Munthu amene anakulera, amene amakusokera yunifolomu ngakhale maso akumuwawa, akakupatsa chinthu misozi ili m'maso, umameza. Chiwala anameza.

3. Juzi pa dzuwa

Poyamba zonse zinali bwino. Kenaka thupi linayamba kuyabwa. Pamimba, pamsana ndi m'mikono munatuluka ziwengo zikuluzikulu, zofiira, zoti zikazilala apa n'kutulukira apo. M'mawa wina anadzuka milomo itatupa.

"Azakhali, taonani."

Azakhali anavala magalasi, kuyang'anitsitsa, n'kugwedeza mutu mokhutira. "Ndiye kuti akugwira ntchito. Zoipa zikutuluka. Vala juzi ya manja aatali ija, anthu asakuone."

Choncho tsiku logonekedwa Chiwala analowa m'wodi atavala juzi, kunja dzuwa likuswa mtengo. Namwino womulandira anaona timadontho pafupi ndi dzanja n'kufunsa, koma azakhali anayankha msanga kuti kunyumba kwachuluka udzudzu.

Wodiyo inali yaitali, mabedi mbali iyi ndi iyo, anthu miyendo ili m'mwamba pazingwe. Pa bedi loyandikana ndi la Chiwala panali mayi wina wonenepa, wa mawu aakulu, wogulitsa masamba kumsika. Njinga yamoto ndiyo inamugunda. Anali atakhalitsa m'wodimo kuposa wina aliyense, moti odwala anzake ankamuitana kuti Atcheya.

"Takulandirani kuno kwathu," anatero Atcheya. "Koma mtsikana iwe, juzi kutentha konseku? Kapena mwasungamo mwamuna?"

Wodi yonse inaseka. Chiwala anangoweramitsa mutu.

Azakhali atatuluka kukatunga madzi, anamwino anabwera kudzatsuka bala la Atcheya. Anakoka katani, koma fungo silidziwa katani. Chiwala anamva mayi wanthabwala uja akubuula ngati mwana. Atamaliza, Atcheya anapukuta misozi ndi ngodya ya nsalu n'kutembenukira kwa iye.

"Usandione kuseka, mwana wanga," anatero. "Anzanga amene tinalowa limodzi ali kwawo, akuyenda. Ine chitsulo anachichotsa, bala linalowa tizilombo. Adokotala akuti tizilombo tanga sitimva mankhwala wamba, tinazolowera. Nanga sitingazolowere bwanji? Kumsika kuja chimfine pang'ono, kapisozi. Mutu pang'ono, kapisozi. Dzino, kapisozi. Ndinkatiphunzitsa ndekha nkhondo tizilomboto, osadziwa. Lero ndikufuna thandizo, mankhwala akungodutsa ngati madzi."

Chiwala anayang'ana mwendo wa Atcheya, n'kuyang'ana wake. Azakhali atabwera ndi madzi, anamubisira kapisozi wina m'dzanja, ndipo anameza ali chiyang'anire kukhoma.

4. Funso

M'mawa mwake ziwengo zinali zitafika m'khosi. Chiwala anakweza kolala ya juzi n'kuuza namwino kuti akumva kuzizira.

Kenaka kunabwera bambo wina wamfupi, wadazi, atavala zobiriwira. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi ngati wabwera kudzacheza.

"Ine ndine dokotala wogoneka anthu," anatero. "Koma usaope, ndimawadzutsanso. Mbali imeneyo ndiyo imandidyetsa."

Chiwala anaseka pang'ono.

"Tsono tamvera zimene zichitike. Khungu lakoli ndi mpanda. Kunja kwake kuli tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo tikakhala kunjako tilibe vuto. Lero adokotala a mafupa atsegula geti pampandapo. Tidzatsuka, tidzapaka mankhwala, zida zonse n'zophika, komabe kamodzi kapena tiwiri tikhoza kuzemba n'kulowa. Tikakafika pachitsulo timamatirira, ndipo kutichotsa ndi ntchito yaikulu. N'chifukwa chake ndimaika mlonda pageti. Kukatsala nthawi yosakwana ola kuti mpeni ukhudze khungu, ndikupatsa mankhwala opha tizilombo kudzera mumtsempha. Nthawi imene bala lili lotsegula, mankhwalawo amakhala ali ndi mphamvu zonse m'magazi. Mlonda wobwera sabata yatha amakhala ataweruka. Wobwera mawa amapeza akuba atalowa kale. Amafunika pa nthawi yake, ndipo akhale mlonda woyenera."

Nthabwala zinachoka pankhope pake.

"Ndiye ndili ndi mafunso awiri. Pali mankhwala amene wamwa masiku apitawa? Nanga pali amene anakutulutsapo ziwengo, kukuyabwitsa kapena kukutupitsa milomo?"

"Ayi," anayankha azakhali msangamsanga. "Mwanayu samwa chilichonse. Ndimamulera ndine."

"Zikomo, amayi," anatero adokotala mwaulemu, "koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwendowu ndi wa uyu." Anatembenukiranso kwa Chiwala. "Ndikuuze chifukwa chimene ndikufunsira. Mankhwala amene ndakonza ndi apachibale ndi makapisozi ofiira ndi achikasu aja amene anthu amawadziwa. Kwa anthu ambiri ndi abwino zedi. Koma pali ena amene thupi lawo limadana nawo. Munthu wotere ndikamuthira mumtsempha, kukhosi kukhoza kutupa, mpweya n'kutsekeka ali m'tulo. Ndikadziwiratu, ndimasankha ena. Ndikapanda kudziwa, ndimayenda mumdima."

Chiwala anayang'ana azakhali. Azakhali anamuthira diso lija limene mwana aliyense amalidziwa, loti yerekeza uone. Manja awo anali atakumbatira kachikwama pachifuwa.

Mtsikanayo ankawakonda azakhali ake, ndipo zinamuwawa kwambiri. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anagwira m'mphepete mwa juzi, kuivulira kumutu, n'kutambasula mikono yonse iwiri.

"Ndakhala ndikumwa makapisozi omwewo, adokotala," anatero. "Kuyambira sabata yatha. Womaliza ndinamwa dzulo madzulo. Milomo inatupanso."

 

5. Wandiyalutsa

Adokotala sanakalipe. Anamuyang'ana m'kamwa, kumumvetsera m'chifuwa, n'kuitana namwino wamkulu.

"Lero salowa," anatero. "Asiye makapisozi, timupatse timapiritsi ta ziwengo, thupi likhale pansi kaye. Mumumange kachingwe kofiira pamkono kuti aliyense adziwe." Kenaka anagwira Chiwala paphewa. "Wandipeputsira ntchito, mtsikana. Masiku ochepawa sawononga mafupa ako. Kukhala chete ndiko kukanakuwononga."

Atangochoka, azakhali anaimirira.

"Wandiyalutsa," anatero ndi mawu otsika. "Pamaso pa anthu onsewa wandisandutsa wabodza. Si ndinakuuza kuti akubweza? Nanga si izi? Ndinakulera ine kuti udzandivule pagulu?"

"Azakhali, pepani, koma..."

"Usanditchule."

Namwino wamkulu anali mayi wa imvi zake, woyenda pang'onopang'ono, amene anagwira ntchito m'wodimo anamwino enawo asanabadwe. Anawagwira azakhali pamkono n'kuwakhazika pampando.

"Amayi, palibe akukuimbani mlandu pano," anatero. "Munthu sapatsa mwana mankhwala mobisa chifukwa chomuda. Munkafuna kumuteteza, ndaona. Koma ndikuuzeni monga mnzanu wamkulu. Makapisozi a kunyumbawo sakhwimitsa magazi. Mukamwetsa munthu wosadwala kwa sabata, amapha tizilombo tofooka, ngakhale tabwino timene timathandiza thupi, n'kusiya touma mitu. Tsiku la opaleshoni ndi touma mituto timene timakhala tikudikira pakhungu. Komanso mankhwala otsala kwa wina simudziwa ngati anatha mphamvu, simudziwa ngati akugwirizana ndi thupi la mwana. Mwaona nokha mmene amuchitira. Inu ndinu atelala, ndaona tepi m'khosimo. Kodi mungadule diresi ya mkwatibwi pa muyezo wa munthu wina?"

Azakhali anakweza mutu, maso ali psuu.

"Nanga mlongo wanga? Bambo a mwanayu? Analowa m'manja mwa anthu ngati inu nomwe, wopanda kapisozi ndi mmodzi yemwe, bala n'kuola. Mundiuza chiyani?"

Namwino wamkulu anawagwira dzanja.

"Ine panalibe, amayi, ndipo sindikunamizani kuti ndikudziwa chimene chinachitika. Sindinganenenso kuti bala lililonse limapola. Koma chimene ndaona ndi maso angawa ndi ichi: tikapereka mankhwala oyenera pa nthawi yake, tikasamba m'manja, tikasamala bala, mabala oola amachepa kwambiri. Mwanayu timusamala. Inu tithandizeni ndi choonadi basi."

Azakhali anatola kachikwama kawo n'kutuluka, osacheuka.

Tsiku lotsatira sanabwere. Chakudya anatumiza kudzera kwa mayi woyandikana nawo nyumba. Chiwala anatsegula kontena, kuona kuti aphika zimene iye amakonda, n'kuyamba kulira.

"Lira, koma uzidya," anatero Atcheya. "Munthu wokwiya zenizeni sathira mafuta ambiri chonchi. Abwera amenewo. Ndipo ukalephera kumaliza, Atcheya alipo."

6. Mlonda pageti

Ziwengo zinazilala, khungu linabwerera mwakale, ndipo tsiku linafika. Anamukankha pa kabedi ka matayala kudutsa m'khonde lalitali. Chiwala ankayang'ana uku ndi uku pakati pa magadiyani okhala pamabenchi, koma tepi yachikasu ija sanaione.

Mu fiyeta munali mozizira, magetsi aakulu ali pamwamba, anthu onse atabisa pakamwa. Chiwala anazindikira adokotala ogoneka anthu chifukwa cha dazi lotulukira kuseri kwa kachipewa. Adokotalawo anayang'ana kachingwe kofiira pamkono pake, n'kumuonetsa kathumba ka mankhwala kolendewera pa diripi.

"Uyu ndi mlonda wina, wosakhala pachibale ndi adani ako aja," anatero. "Taona, wayamba kale kulowa."

Chiwala anayang'ana madontho akutsika limodzilimodzi. Thupi silinayabwe, mpweya unkayenda bwino. Kathumba katatha, adokotala a mafupa analowa manja ali m'mwamba, n'kufunsa mokweza kuti onse amve.

"Mankhwala oteteza bala alowa?"

"Alowa, pa nthawi yake."

"Thupi lake limadana ndi chiyani?"

Namwino anayankha, ndipo adokotala anagwedeza mutu. "Tiyeni tiyambe."

"Tsopano tandiuza," anatero adokotala ogoneka anthu, "pa timu yanu ija amene amataya mipira kwambiri ndani?"

Chiwala anatsegula pakamwa kuti amutchule, koma dzinalo silinatuluke.

Anadzidzimuka ali m'wodi, kukhosi kuli gwa, mwendo uli wolemera ngati si wake. Wina anali atagwira zala za phazi lake zotulukira kunsi kwa bandeji. Anatsitsa maso n'kuona tepi yachikasu.

"Zala zikutentha bwino," anatero azakhali, osamuyang'ana kumaso. "Magazi akuyenda."

Za mkangano uja sanazitchule, ndipo Chiwala naye sanaziyambe.

Koma nkhawa ya azakhali inali isanathe. Ataona kuti tsiku ladutsa mwana akungolandira mapiritsi a ululu okha, anatsatira namwino wamkulu mpaka pakhomo.

"Anamwino, mwaiwala. Makapisozi a bala sanamupatse."

"Sitinaiwale, amayi. Geti latsekedwa, mlonda wamaliza ntchito. Bala loyera silifuna makapisozi a masiku ambiri. Tikaona chizindikiro, kutentha thupi, kufiira kapena mafinya, pamenepo tidzapereka, ndipo tidzasankha oyenera. Inu ntchito yanu ndi iyi: bandeji isanyowe, isagwidwegwidwe, ndipo aliyense wofuna kumukhudza ayambe wasamba m'manja."

Ntchito imeneyo azakhali anaigwira mopitirira muyezo. Anzake a Chiwala a ku timu atabwera kudzamuona, anawafoletsa pampopi onse, ndi aphunzitsi awo omwe. Ndipo m'mawa uliwonse, akaganiza kuti mwana ali m'tulo, ankawerama n'kununkhiza bandeji. Chiwala ankawaona ndi diso limodzi. Ankadziwa fungo limene ankaliopa, ndipo ankangotseka maso kuti asawachititse manyazi.

Tsiku lotsegula bala, azakhali anakana kutuluka. Anaima kumiyendo atagwira chitsulo cha bedi. Namwino wamkulu anamasula bandeji pang'onopang'ono, n'kuchotsa thonje lomaliza.

Bala linali louma. Panalibe mafinya, panalibe kufiira, panalibe fungo. Unali mzere woongoka, ulusi wakuda utadutsa mwadongosolo.

Azakhali anavala magalasi n'kuwerama. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Koma munthuyu amasoka," anatero potsiriza. "Mpata wofanana, osakoka nsalu. Akadzachotsedwa ntchito abwere kwanga."

Atcheya anaseka mpaka bedi kugwedera, ndipo azakhali anaseka nawo, misozi ikutsikira m'magalasi.

7. Chitini chapepuka

Chiwala anatuluka m'chipatala akuyendera ndodo ziwiri. Adokotala a mafupa anamuuza kuti akatsatira malangizo, chaka chamawa a timu ina aja adzayambanso kuyang'anana. Atcheya anamutsanzika ndi mawu akuti, "Ukadzagoletsa udzanditchule," ngakhale anauzidwa kangapo kuti Chiwala ndi wotchinga.

Kunyumba zonse zinali mmene anazisiyira, kupatula kuti madiresi a eni ake anali atachuluka pachingwe. Azakhali anamukhazika pampando wabwino, kumuikira mwendo pa thumba la zigamba, kenaka anakwera pampando wina n'kutsitsa chitini.

Chiwala anapukusa mutu. "Azakhali, ine sindimwanso."

"Ndani wakuuza kuti umwe?" Anamuikira chitinicho pamiyendo. "Tsiku lokachotsa ulusi ukawapatse anamwino aakulu aja. Akadziwa okha kotaya."

Chiwala anachinyamula kuti achiike pambali, n'kudabwa. Chinali chopepuka. Anatsegula. Tsiku loyamba lija makapisozi ofiira ndi achikasu anali odzaza mpaka pakamwa, ndipo iye anamwako ochepa chabe. Tsopano pansi pa chitini pankaoneka.

"Azakhali, ena aja apita kuti?"

Azakhali anapita kukatseka chitseko, kukoka katani ya pawindo, n'kubwera kudzagwada pafupi ndi mpando. Anachotsa tepi m'khosi, chinthu chimene Chiwala anali asanachionepo. Kenaka anatenga dzanja la mtsikanayo n'kuliika pansi pa bulauzi, m'mbali mwa bere lakumanzere.

Panali chotupa cholimba, chachikulu ngati dzira.

"Chinayamba kalekale, chili kang'onong'ono," anatero azakhali. "Ndakhala ndikumwa m'chitinimu, m'mawa ndi madzulo. Pamene unali kuchipatala ndinawonjezera. Sichikumva, mwanawe. Chikungokula."

Chiwala sanachotse dzanja lake.

"Mwauzako ndani?"

"Ndiwe woyamba," anatero azakhali. "Ine ndikaima pamaso pa anthu ovala zoyera aja, ndimaona mlongo wanga, lilime n'kuuma. Koma iwe uli ndi pakamwa. Ndinakuona tsiku lija. Ukandilankhulire, mwana wa mlongo wanga."

Chiwala anatseka chitini n'kuchikumbatira. Ndi dzanja linalo anakoka ndodo zake kuziika pafupi.

"Sitidikira tsiku la ulusi, azakhali. Tipita mawa m'mawa. Ndipo tikanena zonse, ndi za m'chitinizi zomwe."

Azakhali anayang'ana madiresi odikira pachingwe, anayang'ana makina awo. Kenaka anatenga nsalu n'kuwavundikira makinawo, dzuwa likadali pamutu.